Michira Inayi ya Kamlendo

Kalata ya akatswiri ounika pepala la kafukufuku wa mulabotale inafika Lolemba m'mawa, ndipo kuyambira pamenepo Azakhali sanathenso kukhazikika pampando. Akati akhale, ankakumbukira kuti mwina sanatseke mpopi. Akapita kumpopi ankaupeza uli chitsekere. Ankabwerera n'kuyamba kupukuta tebulo lomwe anali atalipukuta kale.

Sanali azakhali a munthu aliyense mulabotale muja, koma onse ankawatchula choncho, kuyambira mlonda wa pageti mpaka mkulu wa pamalopo. Ntchito yawo inali kuweta ndere. Anthu akamva zimenezi ankaseka, amvekere, kodi ndere zomera zokha m'ngalande zimafunanso mbusa? Koma m'chipinda chawo chozizira munali mashelefu anayi, ndipo pansi pa nyale zoyera panali mizeremizere ya timabotolo tagalasi totseka ndi thonje, kalikonse ndi mtundu wakewake wa ndere. Pakatha milungu isanu ndi umodzi, Azakhali ankatapa dontho m'kabotolo kakale n'kulisamutsira m'madzi atsopano okhala ndi chakudya chake. Chilichonse chimene achita ankachilemba m'buku lalikulu la chikuto chakuda: tsiku, ola, nambala ya kabotolo, shelefu yake. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, mabuku khumi ndi anayi, popanda tsamba long'ambidwa kapena mzere wofufutidwa.

Kabotolo ka nambala 41 ndi kamene kanali kusowetsa anthu mtendere. Ndere ya mmenemo anaipala Adokotala zaka ziwiri zapitazo pakhoma la kuseri kwa ofesi, pomwe paipi inkadontha. Adokotalawa sanali a odwala ayi, anali a ndere, mayi wachitsikana wowonda, woyenda ngati akuthamangitsidwa, magalasi ali pamutu nthawi zonse. Ataika kandereko pa maikulosikopu anaona timipira tobiriwira, kalikonse selo imodzi yokha, koma m'kati mwake munali mosafanana ndi chilichonse cha m'mabuku awo. Anakatcha Kamlendo, poyembekezera kukapatsa dzina lenileni akadziwa banja lake.

Kudziwa banja ndiye inali ntchito. Makina owerenga chibadwa anaonetsa kuti Kamlendo kali pakati pa mabanja awiri. Ndere zoterezi zimakhala duu malo amodzi, koma nthawi zina kampira kamaphulika n'kutulutsa tiana tosambira ndi timichira. Banja lina tiana take tili ndi michira iwiri, linalo inayi. Munthu mmodzi yekha ndiye anali ataonapo tiana ta Kamlendo tikusambira, tsiku limodzi lokha, miyezi isanu ndi iwiri yapitayo. Munthuyo anali Azakhali. Kamera tsiku limenelo inali kokonzetsa, Adokotala ali kumsonkhano, ndiye Azakhali anajambula ndi pensulo: kamutu kosongoka, kadontho kofiira pambali, michira inayi.

"Tamverani zimene akunena," anatero Adokotala Lolemba lija, kalata ili m'manja, akuyendayenda pakati pa matebulo. "Akuti chojambula cha pensulo si umboni. Akuti mwina wothandizira mulabotale anaona kachilombo kena kongogweramo. Atipatsa mpaka Lachisanu la sabata yamawa. Tikapanda kutumiza chithunzi chenicheni, ntchito yonse abweza."

"Wothandizira ndiye ndani? Azakhali?" anafunsa Wailesi, bambo wamimba yake amene ankayendetsa makina a chibadwa. Dzinalo anamupatsa chifukwa pakamwa pake panalibe batani lozimitsira. "Anthu amenewa sakuwadziwa Azakhali. Ntchentche ikafuna kulowa m'chipinda mwawo imayamba yasamba m'manja n'kusaina m'buku."

"Ndawayankha kale zimenezo," anatero Adokotala. "Ndawauza kuti buku la Azakhali silinama. Munalemba kuti kabotolo kanali pashelefu yachiwiri, pansi pa nyale, monga mwa masiku onse. Ndiye chilipo chimene chinasintha pa nyalezo tsiku limenelo. Ndisinthanso maola."

Azakhali anangogwedeza mutu, maso ali pa nsalu yopukutira. Buku lija linanama, ndipo analinamitsa ndi iwo.

Nkhani yake inali iyi. Lachisanu lina masana ali m'kati mosamutsa ndere, foni inalira kuti mwana wawo wamkazi wayamba matenda a uchembere nthawi isanakwane. Kabotolo ka 41 kanali m'manja. Anakaponya m'thumba la khoti lawo loyera la kuntchito, n'kuthamanga ali chivalire khotilo. Anadzera kunyumba n'kulivula, ndipo masiku atatu anathera kuchipatala, khoti lili chikolekere m'kabati. Lolemba atafika kuntchito, mdzukulu atabadwa bwinobwino, anapisa m'thumba kufuna kiyi n'kukhudza galasi. Mtima unawadumpha. Lamulo loyamba la mulabotale, lomwe iwo eni ake ankaphunzitsa aliyense wobwera kumene, linali loti kabotolo sikatuluka pakhomo. Anatapa dontho mwamsanga kuti aone ngati Kamlendo kadakali moyo, ndipo anapeza tiana tili piringupiringu pagalasi lonse. Anatijambula ndi pensulo. Koma atatsegula buku, cholembera chinalemba chokha mawu a masiku onse: shelefu yachiwiri, pansi pa nyale.

Ankaganiza kuti ndi bodza laling'ono, lofa lokha. Tiana tidzatulukanso, wina adzatijambula ndi kamera, za thumba zidzaiwalika. Koma tiana sitinatulukenso. Miyezi isanu ndi iwiri Adokotala anakhala akulimbana ndi nyale, kuwonjezera maola, kuchepetsa, kusintha mababu, kusuntha mashelefu, kutsata mzere umodzi uja wa m'buku. Azakhali nawo ankayesa mwamseri. Kasanu konse anabisa kabotolo m'dilowa ya m'chipinda chozizira masiku atatu kuti kakhale mumdima, n'kukatulutsa. Timipira tinkangokhala duu, ngati anthu odikira basi.

Sabata imeneyo inali yaitali. Lachiwiri anabisanso kabotolo kena m'dilowa. Lachitatu anathyola kagalasi koyamba m'zaka zisanu. Lachinayi anafika pachitseko cha ofesi ya Adokotala, dzanja lili m'mwamba kuti agogode, koma atamva mpando ukukhwekhwereza m'katimo anakhotera kumpopi. Lachisanu anatulutsa kabotolo kaja m'dilowa n'kuyang'ana mpaka maso kuwawa. Panalibe chosambira ngakhale chimodzi.

Loweruka m'mawa anali kunyumba, koma mtima uli kushelefu. Amuna awo anali telala, ndipo makina awo osokera anali pawindo la pabalaza, pakati pa milu ya mathalauza odikira kupindidwa. Azakhali anasesa pabalazapo, n'kusuntha mipando, n'kuibwezeranso mmene inalili, n'kuyambanso kusesa.

"Amayi, simenti imeneyo muibowola," anatero Atelala, mapini ali pakamwa. "Kapena mwataya singano yanga?"

"Sokani zanu, abambo."

"Ndisoka bwanji mphepo ikudutsadutsa pamaso panga? Kuyambira Lolemba mukuzungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Mukapitiriza ndikuyezani ndikusokereni pampando."

Azakhali anaimika tsache pakhoma. Anakhala pamphepete pa mpando, n'kudzukanso, n'kukaima pawindo. Kenaka anayamba kufotokoza, osawayang'ana amuna awo. Anafotokoza za kalata, za michira, za thumba la khoti, za mzere wa m'buku. Inali nthawi yoyamba kuzitulutsa pakamwa, ndipo zinamveka zazing'ono ndi zonyansa, ngati chinthu chotuluka kunsi kwa kabati.

Makina osokera anali ataima kalekale. Atelala analavulira mapini m'dzanja mmodzimmodzi.

"Kabotolo kake kotalika ngati chala? Kotseka ndi thonje?"

Azakhali anatembenuka. "Mukukadziwa bwanji inu?"

"Eee. Nanga khoti lija anakusitirani ndani m'mawa muja? Inu munabwera kuchokera kuchipatala maso ali psuu, munangogwera pabedi. Ine ndikuti ndisite, ndikumva kanthu kolimba m'thumba. Thumba lonse lonyowa, lobiriwira. Kanali katapendekeka, madzi atatayikira m'thonje, kangotsala pang'ono pansi."

"Ndiye?"

"Ndiye ndinati ziweto za amayi zifa ndi ludzu. Ndinakadzaza."

Azakhali anagwira chimango cha windo. "Munakadzaza ndi chiyani?"

"Ndi madzi. Nanga n'kudzaza ndi palafini?"

"Madzi ake ati, abambo? A pampopi? A mumgolo?"

"Madzi ndi madzi, amayi."

"Madzi si madzi!" Mawu anatuluka mokweza mpaka galu wa aneba anauwa. "M'dontho limodzi la mumgolo muja muli tizilombo tochuluka kuposa anthu a mumsewu uno. Ngati munathira a mumgolo, chimene ndinajambula ine si mwana wa Kamlendo, ndi chilombo cha mumgolo mwanu. Ndiye kuti anthu aja akunena zoona."

Atelala anakanda pachipumi ndi chala chovala thimbo, kachitsulo kokankhira singano. Nthabwala zinali zitawathera. "Ndikuganiza kuti anali a m'ketulo. Inde. Ketulo inali patebulo, madzi owiritsa dzulo lake, ozizira. Ndinkawazira omwewo posita."

"Mukuganiza kapena mukudziwa?"

"Amayi, mwana uja wayamba kukwawa. Mukufuna ndikumbukire ketulo ya tsiku limene anali asanatsegule maso?"

"Bwanji simunandiuze?"

Atelala anawayang'ana mofatsa, pamwamba pa magalasi. "Ndinaopa kukalipiridwa. Nanga inu bwanji simunawauze?"

Azakhali anatenganso tsache, koma sanasese. Anangoima nalo. M'mutu mwawo zinthu ziwiri zinkakokana. Ngati madzi anali a m'ketulo, ndiye kuti apeza chimene chinkasowa: si mdima wokha, koma mdima kenaka madzi opanda chakudya. Ngati anali a mumgolo, ndiye kuti zaka ziwiri za Adokotala zatsamira pa chilombo cha m'nyumba ya telala. Njira yodziwira inali imodzi, kuyesa. Akanatha kuyesa okha mwamseri, kachisanu ndi chiwiri. Koma tiana tikatuluka, akanati tatuluka bwanji? Akanalembanso chiyani m'buku? Ndipo tikapanda kutuluka, akanangokhala chete n'kusiya mwana wa eni ake akuteteza chojambula chabodza pamaso pa akatswiri?

"Mlandu suola," anatero Atelala, akubwezera nsalu pansi pa singano. "Mukafuna ndipita nanu. Ndikanene ndekha kuti wothirira ndine."

"Mukalowe mulabotale mwanga ndi ulusi uli thupi lonse? Khalani konkuno."

Lamlungu linadutsa ngati mwala wokankha. Lolemba Azakhali anafika ntchito isanayambe, natenga buku lakuda, nakaima pakhomo la ofesi. Adokotala anawapeza pomwepo, chikwama chili paphewa, bokosi la mababu atsopano lili m'khwapa.

"Azakhali, kwagwanji? Mwana uja ali bwino?"

"Ali bwino. Tiloweni, mwanawe. Mababuwo ikani pansi, alibe mlandu."

Azakhali anali asanawatchulepo mwanawe chiyambire. Adokotala anatsegula chitseko mwakachetechete. Azakhali anakana mpando. Anatsegula buku patsamba lija, naika chala pamzere, nanena zonse kuyambira pa foni mpaka pa ketulo. Sanachepetse kanthu. Ananenanso za maulendo asanu ndi umodzi a m'dilowa.

Adokotala anachotsa magalasi pamutu, nawaika patebulo, nawatenganso. Anapita pawindo. Atabwerera, anaima pamaso pa Azakhali.

"Miyezi isanu ndi iwiri, Azakhali. Mumandiona ndikukwera pampando kusintha mababu. Mumandigwirira mpandowo."

"Ndimakugwirirani."

"Ndinawalembera anthu aja, ndi dzina langa pansi, kuti buku lanu silinama."

"Ndinamva."

"Kabotolo kutuluka pakhomo ndi chiyani? Mwana wanu anali pakati pa moyo ndi imfa! Ndani akanakudzudzulani? Ine ndikanangoseka!"

"Si inu amene ndinkaopa," anatero Azakhali pang'onopang'ono. "Ndinkaopa bukuli. Mabuku khumi ndi atatu oyera, ndiye la khumi ndi chinayi likhale ndi mawu oti thumba la khoti? Dzanja linakana. Ndinaliyeretsa kunja, m'kati ndaliwoletsa."

Kunja kunamveka Wailesi akupereka moni kwa mlonda, kwa wosesa, kwa aliyense. Adokotala anakoka bukulo, naliyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatulutsa cholembera m'thumba n'kuwapatsa.

"Mukudziwa mmene timakonzera. Ndinu munandiphunzitsa."

Ankadziwadi. Mulabotale safufuta, sang'amba. Amadula mzere umodzi woonda pa mawu olakwikawo kuti azionekabe, n'kulemba zoona pambali, n'kusaina, n'kuika tsiku. Azakhali anali ataphunzitsa anthu ambirimbiri zimenezi, koma iwo anali asanazichitepo. Anaika rula. Cholembera chinadutsa pa shelefu yachiwiri, pansi pa nyale. M'mphepete analemba timalemba tating'ono mpaka malo anatha, napitiriza m'munsi mwa tsamba.

"Kuyambira lero buku ndizilisaina inenso Lachisanu lililonse," anatero Adokotala. Mawu awo anali ouma. "Ndipo kalata yopita kwa anthu aja ndiyenera kuikonza, tiana tituluke kapena tisatuluke."

"N'zoyenera."

"Chabwino. Lero Lolemba. Masiku atatu ndi Lachinayi. Tikaphonya pamenepo palibenso mwayi wina." Anali atayamba kale kuyendayenda. "Timabotolo khumi. Mdima. Kenaka titaye madzi ake, tithire oyera opanda chakudya. Kabati ya kwanu ndi yotentha kapena yozizira?"

Azakhali anaphethira. Funso limenelo anali asanadzifunsepo. "Ili kukhoma la kukhitchini. Ndi yofunda."

"Ndipo inu mumabisa m'chipinda chozizira. Tigawa pawiri. Tisanu m'dilowa yanu ija, tisanu kofunda."

Atamva nkhaniyi, Wailesi anakhala chete kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito, mwina mphindi yathunthu. Kenaka anavula khoti lake. "Ngati mankhwala ake ndi thumba, nali langa. Matumba ake ndi aakulu, mumalowa mabanzi anayi."

"Khoti lako lingaphe ndere ndi fungo lokha," anatero Azakhali. Anavula lawo, naimika timabotolo tisanu m'matumba, nalikoleka m'kabati ya mapepala ya mu ofesi, kumbali yomwe dzuwa limawomba masana. Anatseka, Adokotala namata pepala pachitseko: osatsegula mpaka Lachinayi.

Masiku atatu amenewo Azakhali anadutsa pakabatipo mwina kakhumi pa ola. Analibe chochita napo, koma miyendo inkawapititsa yokha. Adokotala ankawalankhula za ntchito zokha, mwaulemu, mwachidule, ndipo ulemu umenewo unkapweteka kuposa kukalipa. Kunyumba Atelala anasiya nthabwala. Lachitatu madzulo anangoti, "Ndakumbukira, inali ketulo," koma ananena akuyang'ana kumbali, ndipo Azakhali anadziwa kuti akungowatonthoza.

Lachinayi nthawi ya eyiti anatulutsa timabotolo tonse khumi. Azakhali anatsanula madzi akale n'kusiya pang'ono pansi, monga anafotokozera Atelala, nadzaza ndi madzi oyera opanda chakudya.

"Kuchokera kwanu kufika kuno ndi nthawi yaitali bwanji?" anafunsa Adokotala.

"Ola limodzi ndi theka, basi ikapanda kuchedwa."

"Tsiku limenelo inachedwa?"

"Sindikukumbuka."

Anadikira. Wailesi anayamba nkhani ya mlamu wake wogula galimoto yopanda giya yobwerera m'mbuyo, koma palibe anaseka, nayenso anaisiyira panjira. Adokotala anayesa kamera katatu. Azakhali anatsuka magalasi oyera kale. Wotchi ya pakhoma inkachita ngati yagwidwa ndi nyamakazi.

Itakwana hafu pasiti naini anayamba ndi timabotolo ta m'chipinda chozizira. Dontho pagalasi, kagalasi kena pamwamba, diso pa maikulosikopu. Timipira duu. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu, kachinayi, kachisanu. Adokotala anangotambasula dzanja kuti alandire ka m'khoti.

Koyamba ka m'khoti, duu. Kachiwiri, duu.

Ndiye kuti unali mgolo. Azakhali anaona m'maganizo mwawo mgolo wabuluu uja wa kuseri kwa chitseko, ndi amuna awo akutunga ndi kapu mokoma mtima. Anayamba kukonza mawu oti anene.

"Tidikire theka la ola," anatero Adokotala osadzutsa mutu. "Mwina basi inachedwa."

Theka la ola limenelo Azakhali anatuluka panja. Anazungulira nyumba yonse mpaka kukafika kuseri, pakhoma lomwe paipi inkadontha. Paipiyo anali ataikonza chaka chatha, khoma analipaka penti. Kamlendo sikanalinso kwina kulikonse kodziwika, koma m'timabotolo tawo tomwe tija. Anagwira khomalo ndi chikhatho, louma, lofunda. Kenaka anabwerera.

Anapeza Adokotala ataika kale dontho la kabotolo kachitatu, koma atakhala patali ndi maikulosikopu, manja ali pachifuwa.

"Maso anga atopa. Yang'anani ndinu."

Azakhali anawerama. Anapotokola kagudumu pang'ono. Timipira tobiriwira tinaonekera, tili phee. Anasuntha galasi kumanzere. Kampira kena kanali kotupa kuposa tinzake, ndipo m'kati mwake munkaoneka ngati mukutakataka. Anagwira mpweya. Khungu la kampirako linang'ambika mbali imodzi, ndipo tinthu tosongoka mitu tinatuluka motsatana, n'kubalalika ngati ana otuluka m'kalasi. Pambali pake kena kanaphulikanso.

"Adokotala," anatero motsitsa, osachotsa diso. "Tiana tikutuluka m'kampira. M'kampira mwenimweni. Si za mumgolo."

Mpando unagwa. Adokotala anali kale pakompyuta yolumikiza ku kamera, Wailesi ali kumbuyo kwawo akupumira m'khosi. Pagalasi la kompyuta tiana tinali yakaliyakali, kuthamanga uku ndi uku.

"Sitikuima! Ndiwerenga bwanji michira? Taimani, inu!" anakuwa Adokotala, ngati tingamve.

"Tianati tatengera mwini wake wa labotale," anatero Wailesi.

Azakhali anali atatenga kale kabotolo ka ayodini. Anadontheza kadontho kamodzi m'mphepete mwa kagalasi, naika kapepala mbali inayo kuti kakoke. Mtundu wachikasu unalowa pang'onopang'ono, ndipo tiana tinayamba kufooka, kamodzikamodzi, mpaka tonse tinaima. Anasankha kamodzi kogona bwino, nakweza mphamvu ya galasi, napotokola kagudumu mpaka timichira tinaonekera ngati tsitsi la khanda.

Adokotala anaika chala pa kompyuta.

"Umodzi. Iwiri." Chala chinaima. Azakhali anapotokolanso pang'ono, pang'ono zedi, ndipo kunsi kwa iwiri ija kunatulukira ina. "Itatu. Inayi."

Kamera inalira kambirimbiri. Anawerenga kena, inayi. Kena, inayi. Adokotala anatenga chojambula cha pensulo chija n'kuchiimika pambali pa kompyuta. Kamutu kosongoka, kadontho pambali, michira inayi, ngakhale kupindika kwake kunali komweko. Anachiyang'ana, nayang'ana Azakhali, napukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja mwaukali, ngati misoziyo yawalakwira.

"Diso lanu silinaname," anatero. "Koma sindinakukhululukireni. Mwina sabata yamawa."

"Ndidikira. Kudikira ndakuzolowera sabata ino."

"Ndiye pepala lija mulembapo chiyani?" anafunsa Wailesi. "Kuti tengani telala mmodzi, ketulo imodzi, mdzukulu wobadwa nthawi isanakwane?"

"Tilemba masiku atatu mumdima pamalo ofunda, kenaka madzi opanda chakudya, maola awiri," anatero Adokotala, atayamba kale kutaipa. "Za telala zikhala m'buku."

Azakhali anatsegula buku lakuda patsamba latsopano. Analemba tsiku, ola, nambala 41. Pa malo a shelefu cholembera chinaima pang'ono, kenaka chinalemba: thumba lamanja la khoti, m'kabati ya mapepala. Anawerenganso mzerewo, nausiya mmene unalili, nakankhira buku kwa Adokotala kuti asaine, ngakhale Lachisanu linali lisanafike. Atatero anakoka mpando umene unagwa uja, naukhazika bwino, nakhalapo.